Mfumu ya zaka 400: momwe ndaionera Anbennar

Amene munasewerako Europa Universalis IV (mwachidule EU4), gemu ya pa kompyuta yoyendetsa dziko, mukudziwa kuti gemu imeneyi imayendera maliro a mafumu. Umatenga dziko pa 11 November 1444 n'kuliyendetsa mpaka 1821, ndipo m'zaka 377 zimenezo mpando umasintha eni kambirimbiri. Mfumu ina imakufera nkhondo ili pakati. Ina imasiya mwana wosakwana zaka 15, dziko n'kukhala m'manja mwa nduna zomusungira mpando, zomwe sizingayambitse nkhondo ngakhale mdani atagona chagada. Ina imapita osasiya mwana, ufumu n'kugwera banja la dziko lina lomwe munkakwatirana nalo. A Paradox a ku Stockholm, omwe anatulutsa gemuyi mu 2013, anaimanga podziwa kuti munthu sakhalitsa.

Anbennar ndi mod, kutanthauza pulogalamu yoonjezera yosintha gemu, yomwe okonda gemuyi anapanga okha, ndipo imapezeka mwaulere pa Steam Workshop, malo a pa intaneti opezekapo ma mod, bola ukhale ndi gemu yeniyeniyo. Imafafaniza mapu a dziko lathu lino n'kuikapo dziko longopeka la mitundu ya m'nthano monga ma elf, ma dwarf, ma orc, ma gnome ndi ma goblin, komanso amatsenga ndi anthu wamba ngati ife. Za kukula kwake ena ananena kale. Ine chimene chandisunga pa laputopu mpaka tambala woyamba ndi zaka zomwe mitundu imeneyi imakhala ndi moyo.

Elf wa mu Anbennar amafika zaka pafupifupi 400. Dwarf amafika cha m'ma 200. Munthu ndi munthu basi, akafika 70 ayamike. Kuti mumvetse 400 imeneyi, tengani elf wobadwa mu 1616, chaka chomwe Mpwitikizi Gaspar Bocarro anadutsa m'dziko la Amaravi pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. Ameneyo akanaona Ayao akufika kuno kumwera kwa nyanja ali kale bambo wachikulire, akanaona Fort Johnston ikumangidwa mu 1891, akanavina nawo ufulu wa 1964, ndipo maliro ake tikanalira cha mu 2016, tikujambula pa foni. Ndiye muike munthu wotereyu pa mpando mu gemu ya zaka 377. Ngakhale atalowa ufumu ali ndi zaka 200, theka la gemu yonse mukhala naye yemweyo.

Apa ndi pomwe masamu amalowa, ndipo pepani, sindingawadumphe. Mfumu iliyonse mu EU4 ili ndi manambala atatu, lililonse kuyambira 0 mpaka 6: la kayendetsedwe ka dziko, la ukazembe ndi la nkhondo. Mwezi uliwonse manambalawa amasanduka mapointi omwe umagulira luso latsopano, nzeru za boma, bata m'dziko ndi kutukula zigawo. Mfumu ya 6/6/6 imaposa ya 0/0/0 ndi mapointi 18 pamwezi, omwe ndi 216 pachaka. Mu gemu wamba kusiyanaku kumatha mfumuyo ikaikidwa m'manda pakapita zaka 20 kapena 30. Koma ikakhala pampando zaka 100, ndi mapointi 21,600. Mtengo woyambira wa luso limodzi ndi 600, ndiye kuti ndi maluso 36 omwe mnzako alibe. Mwina simunaonepo chinthu chokoma chotere mu gemu ya mtundu uwu, koma chilinso ndi mano.

Kukoma kwake ndinakuona nditatenga dziko la ma elf lomwe linali ndi mfumu yanzeru mbali zonse. Palibe maliro ogwetsa bata la dziko, palibe nduna zosunga mpando, palibe kudzuka n'kupeza kuti wolowa ufumu ndi chitsiru. Maiko a anthu ondizungulira anasintha mafumu kasanu kapena kuposa, ena anang'ambika pa mikangano ya mpando, ine ndikungomanga. Mfumu ya dziko loyandikana nalo yomwe ndinapangana nayo ubale inafa, mwana wake anafa, mdzukulu anafa, koma kalata zochokera kwanga zinkasainidwabe ndi dzanja lomwe lija. Pamenepa mod iyi imakupangitsa kumva chinthu chomwe ndime zolembedwa sizingathe: umayamba kuona anthu ngati osakhalitsa, osayenera kuwadalira kwambiri, ndipo umamvetsa chifukwa chomwe ma elf a m'nkhani zake amayendera mapewa m'mwamba.

Kenaka kunyong'onya kunabwera. Cha m'ma 1600 ndinazindikira kuti ndikungodina liwiro lachisanu, lothamangitsa nthawi kwambiri, n'kumadikira mapointi adzaze. Chija chimakudzidzimutsa mu EU4, chokuchititsa kusiya mapulani onse chifukwa mfumu yatsamwa ndi fupa, chinali chitachoka.

Mano enieni amaoneka mfumu ikakhala mbuli. Mu gemu wamba mfumu ya 1/0/2 umangoipirira, kapena umaipatsa gulu la asilikali kuti ikatsogolere kunkhondo n'kumayembekeza uthenga wachisoni. Amene ali ndi DLC (gawo loonjezera logula padera) ya Rights of Man amatha kumulanda ufumu mwana wopanda nzeru asanalowe, polipira mapointi 50 a ulemu wa dziko. Kwa anthu, 50 imeneyi umaiwerengera kawiri. Kwa ma elf usaganize n'komwe, lipira. Ife a ku Malawi tinakhalapo ndi mtsogoleri wamuyaya, ndipo muyaya wakewo unatha mu 1994 atalamula zaka 30. Wa mu Anbennar akati muyaya sakuseka.

Mlamu wanga wa ku Namwera, yemwe amakonza mafoni ndipo ndi amene anandionetsa mod iyi, sagwirizana nane pa zonsezi. Iye ndi wa ma dwarf. Amatenga kagulu kakang'ono mkati mwa mapiri a Serpentspine, n'kulanda umodzi mwa mizinda yakale yapansi pa nthaka, kenaka n'kumaukumba kupita pansi gawo ndi gawo, ntchito yodya ndalama ndi zaka zambirimbiri. Tsiku lina tikudya usipa wowotcha pakhonde anandiuza kuti, "Alamu, inu vuto lanu mumafuna maliro kuti musangalale. Ine ndikufuna mfumu yomwe inayamba dzenje ikalione likutha." Ndipo pa ma dwarf akunena zoona. Zaka 200 ndi muyeso wabwino: mfumu imakhalitsa mokwanira kuti uizolowere dzina, koma gemu isanathe uikako angapo m'manda. Pa mitundu yonse yokhalitsa, awa ndi omwe anawapima bwino.

Chomwe ndimawayamikira kwambiri opanga mod iyi n'chakuti zaka sanazisiye pampando wachifumu pokha. Asilikali a ma elf ndi akatswiri koma ndi ochepa, ndipo akaphedwa malo awo sadzaza msanga. Nkhondo imodzi yoluza imakupweteka kwa nthawi yaitali, pomwe mnzako wa ma orc kapena ma goblin amangotumiza ena. Zimamveka: mtundu wokhala zaka 400 sungabereke ngati mtundu wofa msanga. Ndiye ngakhale uli ndi mfumu ya mapointi osefukira, umaopa kutaya anthu pa linga limodzi lopanda phindu.

Mbiri ya dzikolo nayonso imatsamira pa zaka zomwezi. Kalendala yawo imayambira pa tsiku lomwe Aelantir, kwawo kwa ma elf, kunawonongeka, lomwe amalitcha Day of Ashen Skies. Opulumuka anakhala panyanja mpaka anakocheza ku kontinenti ya Cannor m'chaka cha 1000. Gemu ikamayamba mu 1444, kwa munthu wa ku Lorent kapena ku Gawed, maufumu a anthu a ku Cannor komweko, imeneyo ndi nthano ya makolo a makolo. Kwa elf wokalamba, amene anatsika m'chombo akhoza kukhala mayi ake omubereka. Ukasewera Venáil, kachilumba ka ma elf omwe mtima wawo wonse uli pobwerera ku Aelantir, changu chawocho sichikudabwitsa. Akulira kwawo kwa makolo awo.

Palinso njira yachidule ya anthu osafuna kufa. Mfumu yodziwa matsenga ikazama pa za akufa imatha kusanduka lich, mtembo woyenda ndi mphamvu ya matsenga, ndiye ukalamba suikhudzanso. Dziko limapeza mfumu yosatha, koma oyandikana nawo amakuda kotheratu. Ndinayesako, ndipo kunyong'onya kwa ma elf kuja kunabweranso, kungoti uku kunabwera ndi adani ambiri.

Tsopano za kulemera kwake, poti ambiri a ife sitisewerera pa makina a mamiliyoni. Anbennar ndi yolemera kuposa gemu wamba. Maiko ndi ambiri, zochitika ndi zambiri, ndipo zaka zikamapita mwezi uliwonse ukamatha chithunzi chimayamba chaima kaye. Laputopu yanga ndi yakale, ndipo kutentha kwa kuno mu October mukukudziwa. Ndimaikhazika pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi, fani yake ikulira ngati ikufuna kunyamuka, chikhatho chakumanzere chikutuluka thukuta pambali pa kiyibodi. Masana sindiyesa n'komwe. Ikani kuti gemu izidzisunga yokha pafupipafupi, chifukwa batire ikakhala yotopa magetsi akathima mumataya zaka zambiri za ufumu. Podawuniloda dikirani bandulo ya usiku, ndipo onetsetsani kuti mod ikugwirizana ndi mtundu wa EU4 womwe muli nawo, apo ayi izingotseka yokha.

China n'chakuti zolemba ndi zambiri zedi, zonse m'Chingerezi, ndipo zina ndi ndime zazitali ngati za m'buku. Wosakonda kuwerenga adzangodina n'kudutsa, ndipo adzaphonya theka la zomwe ndanena pamwambapa. Kuli kontinenti yotchedwa Sarhal yomwe anatengera za ku Africa kuno, ndipo ndinasangalala kuona kuti sanaisiye ngati thengo longodutsamo atsamunda, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kodi ndi yoyenera bandulo yanu? Eya, kwambiri, ngati EU4 mumaidziwa kale. Ngati simunaigwirepo, yambani mwaphunzira gemu wamba, chifukwa Anbennar siyophunzirirapo. Ndipo musayambe ndi ma elf ngakhale akukopeni. Tengani kaye dziko la anthu ku Cannor, muike mafumu anu m'manda monga mwa masiku onse, muzisuzumira kwa elf woyandikana nanu n'kumapeza nkhope yomweyo pampando. Mukatero pitani kwa ma dwarf a mlamu wanga. Ma elf muwasiyire ulendo wachitatu, ndipo tsiku loyamba lenileni, musanadine kuti nthawi iyambe kuyenda, tsegulani tsamba la bwalo la mfumu muone manambala a wolowa ufumu.