Ndemanga pa pgloader: deta inasamuka bwino, ma query tinakonza tokha

Ndinagwiritsa ntchito pgloader, pulogalamu yosamutsira deta, posamutsa database (nkhokwe ya deta) ya kuntchito kwathu kuchoka ku MySQL kupita ku PostgreSQL, mapulogalamu awiri osungira deta, ndipo patha miyezi inayi chisamukireni. Pa ntchito imene inapangidwira, pulogalamuyi ndi yodalirika ndithu. Inapanga matebulo, inakopera deta yonse n'kumanganso ma index (ndandanda zofulumizitsa kusaka deta) popanda ine kulowererapo. Madeti a 0000-00-00, amene MySQL yathu inkawalola koma PostgreSQL imawakana, inawasandutsa NULL (kutanthauza kuti palibe kanthu), ndipo mizere yokanidwa inaiika mu fayilo yapadera pamodzi ndi chifukwa chake, moti ntchito sinaime.

Komabe, aliyense woganiza zosamuka adziwiretu kuti pgloader imasamutsa matebulo ndi deta, osati ma query (malamulo ofunsira kapena kusinthira deta) amene ali mu pulogalamu yanu, ngakhalenso ma trigger ndi ma stored procedure (malamulo osungidwa mu database momwemo). Imeneyo si ntchito yake, ndipo sindikuiimba mlandu. Kusiyana kwina kwa MySQL ndi PostgreSQL pa kalembedwe ka ma query kunadziulula kokha chifukwa PostgreSQL inkakaniratu. IFNULL tinailemba COALESCE, GROUP_CONCAT inakhala string_agg, LIMIT 20, 10 inakhala LIMIT 10 OFFSET 20, pamene ON DUPLICATE KEY UPDATE tinailowetsa m'malo ndi ON CONFLICT DO UPDATE. Popeza pgloader imasandutsa tinyint(1) (nambala monga 0 kapena 1) kukhala boolean (true kapena false), paliponse pamene tinalemba active = 1 panafunika active = true. Zonsezi zinatha m'masiku ochepa.

Zimene zinandisowetsa tulo ndi zija zoyenda mwakachetechete koma zopereka yankho lina. MySQL ikagawa 5 ndi 2 imapereka 2.5000, pamene PostgreSQL imapereka 2 ngati manambala onsewo ali integer (manambala athunthu). Lipoti lathu la mwezi linatuluka looneka bwinobwino, koma nditaliika pambali pa lakale ndinapeza kuti zotsalira zonse zadulidwa. Kusaka mayina kunasinthanso, pakuti collation (lamulo loyerekezera zilembo) imene tinali nayo mu MySQL sinkasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, pamene PostgreSQL imasiyanitsa, motero wolemba dzina ndi chilembo chaching'ono sankapeza kanthu mpaka titagwiritsa ntchito ILIKE, imene imasaka mosasiyanitsa zilembozo.

Ndikadzasamutsanso database ndidzagwiritsa ntchito pgloader mosakayika, koma ndidzayamba ndayendetsa malipoti onse pa mbali ziwirizo n'kuyerekeza manambala mzere ndi mzere ndisanazimitse seva yakale.