Tizipangizo titatu ta GPS ta pa njinga, monga ndinationera pa misewu ya ku Mangochi

Kwa zaka zingapo ndinkamangirira foni pa chiwongolero cha njinga yanga ya kapalasa kuti izindiwerengera makilomita. Ndinasiya mu Okutobala wina, pamene tinali pa ulendo wochokera pa boma kupita ku Monkey Bay, mtunda wa makilomita opitirira 60. Tisanafike n'komwe pa Makawa foniyo inali itatentha ngati mbale ya phala, sikirini inachita mdima, ndipo kenako inazima yokha. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikugwiritsa ntchito kachipangizo ka GPS kotchedwa Bryton Rider 420, ndipo anzanga awiri amene timapalasa limodzi Loweruka m'mawa anandibwereka Garmin Edge 530 ndi Wahoo Elemnt Bolt ya 2021 kuti ndiyese.

Anthu ambiri amene amandifunsa amaganiza kuti kachipangizoka kamadya bandulo. Sikadya ngakhale pang'ono pamene muli pa ulendo, chifukwa kamamva mauthenga ochokera ku masetilaiti a GPS a dziko la America, komanso ena monga GLONASS a ku Russia ndi Galileo a ku Ulaya, ndipo ngakhale pamalo pamene netiweki ya foni yathawa kamapitirizabe kuwerenga liwiro ndi mtunda. Intaneti imafunika pa zinthu monga kuikamo mapu kapena kutumiza ulendo wanu ku Strava, pulogalamu ya pa intaneti ya opalasa njinga ndi othamanga, kuti anzanu auone.

Nkhani yaikulu kwa ife ndi batire, ndipo pano ndichedwapo. Opanga amati Bryton imatha maola 35, Garmin maola 20, pamene Wahoo ndi maola 15. Munthu amene amagona m'nyumba yoti magetsi sazima angaone ngati kusiyanaku n'kochepa, popeza ndi ochepa amene amapalasa maola 15 pa tsiku limodzi. Koma kuno magetsi amatha kuzima madzulo a Lachisanu n'kudzayaka inu mutanyamuka kale, ndipo wa sola yaing'ono ya pakhomo amayamba waganizira foni ndi nyali za ana owerenga. Bryton yanga ndimaitchaja kamodzi pakapita masabata awiri kapena atatu, ndipo chimene chimaithandiza ndi sikirini yake yopanda mitundu, imene sidya moto wambiri. Wahoo ndinkaikumbukira pafupipafupi, ngakhale ili ndi mwayi woti imatchajidwa ndi chingwe cha USB-C chofanana ndi cha mafoni atsopano, chimene mungabwereke pa golosale iliyonse, pamene zinzake ziwirizi zimafuna chingwe chakale cha micro-USB. Ndamva anzathu akuyamikira Coros Dura imene inatuluka mu 2024, yomwe opanga ake amati imafika maola 120 ndipo ili ndi kasola pamwamba pake. Dzuwa lathuli likanaikonda ndithu.

Chachiwiri ndi mabatani. Zonse zitatu zimayendetsedwa ndi mabatani, osati kukhudza sikirini, ndipo ndinasankha dala kuyerekeza zoterezi. Aliyense amene anapalasapo masana m'mbali mwa nyanja ya Malombe amadziwa mmene thukuta limatsikira m'mikono mpaka ku zala, n'kusakanikirana ndi fumbi la magalimoto. Chala chotero pa galasi sichimveka. Mabatani a Wahoo ali pamwamba, kutsogolo kwenikweni, moti ndinkangodina ndi chala chachikulu osachotsa maso pa msewu, zimene n'zofunika kwambiri podutsa pa msika pomwe akabaza, mbuzi ndi ana a sukulu amalimbirana njira imodzi. A Garmin ali m'mbali ndipo ndi ambiri, choncho zimatenga masiku kuti zala zizolowere. Pa kuwala kwa dzuwa zonse zimaoneka bwino kuposa foni iliyonse imene ndinagwirapo, koma manambala akuda a Bryton ndiwo ndimawawerenga mosavuta dzuwa likafika paliwombo.

Pamene Garmin inandigwira mtima ndi pa chitunda cha Chowe. Mukawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kulowera cha ku Namwera, msewu umayamba kukwera mokhotakhota, ndipo pa khona iliyonse mtima umakunamizani kuti mwafika pamwamba. Edge 530 ili ndi chinthu chotchedwa ClimbPro, chimene chimajambula chitunda chonse pa sikirini ngati mwaikamo njira yanu musananyamuke, n'kukusonyezani mamita amene atsala kuti mukwere komanso pamene pali pokwera kwambiri. Tsiku limenelo ndinaona kuti gawo lofiira, losonyeza pokwera kwambiri, linali lidakali kutsogolo, ndinatsitsa giya msanga n'kumwa madzi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakwera osatsika kukankha njinga. Bryton imakuuzani kuti mwakwera mamita angati, koma siisonyeza chitunda chimene chikubwera mwatsatanetsatane ngati ClimbPro.

Za mapu ndinene mwachidule. Garmin ndi Wahoo zili ndi mapu enieni, pamene Bryton 420 imangojambula mzere woti muutsatire. Koma kachipangizo kogulidwa ku Ulaya kawirikawiri kamabwera ndi mapu a komweko, ndiye muyenera kuikamo a kuno. Pa Wahoo zimenezi zimachitika kudzera pa foni ndi Wi-Fi, ndipo n'zosavuta. Pa msewu wa tala wa ku Liwonde kapena wa ku Monkey Bay mapu alibe ntchito kwenikweni, popeza njira ndi imodzi. M'tinjira ta m'midzi ta cha ku Malindi, mayi amene akuchokera ku mjigo amakulozerani bwino kuposa sikirini, mukangoima n'kupereka moni mwaulemu.

Mtengo ndiwo umapweteka. Edge 530 inatuluka mu 2019 pa madola pafupifupi 300, Wahoo inali yotsikirapo pang'ono, ndipo Bryton sinkafika theka la mtengo wa Garmin. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zimenezi zimaposa mtengo wa njinga imene ambiri a ife timakwera. Nthawi zambiri timachita kutumiza abale amene ali ku Johannesburg kuti atigulire, ndipo ngati mukugula yogwirapo kale ntchito, auzeni aitchaje mpaka kudzaza n'kuisiya yoyaka tsiku lonse, chifukwa batire lotopa silioneka ndi maso. Garmin inatulutsanso Edge 540 mu 2023, yokhala ndi USB-C, ndipo zimenezi zachititsa kuti 530 izipezeka motsikirapo kwa amene akuigulitsa kuti agule yatsopanoyo.

Ine ndikhalabe ndi Bryton, ndipo ndi imene ndingalangize mnyamata kapena mtsikana amene akuyamba kupalasa maulendo aatali kuno, chifukwa imachita zimene timafuna tsiku ndi tsiku popanda kupempha magetsi kawirikawiri. Amene akukonzekera mpikisano kapena amakonda zitunda za ku Namwera sadzanong'oneza bondo ndi Garmin. Wahoo ndi ya munthu amene safuna kuvutika ndi kutchera, popeza zonse amazikonza pa foni kamodzi n'kuiwalako. Zitatu zonsezi mvula ya mu Januwale siziiopa. Chimene ndimaopa ine ndi mabampu a msewu wafumbi wopita ku Makanjira, kumene kachipangizo kena kotchipa kopanda dzina lodziwika kanandithothokera pa chiwongolero n'kugwera mumchenga. Kuyambira tsiku limenelo ndimamangirira kachingwe kuchokera pa kachipangizo kupita ku chiwongolero, ndipo ndimayamba ndakakoka kawiri ndisanakwere njinga.