Lamba wa kumutu, ma gemu a pafoni kapena tulo: chothandiza nchiti maganizo akamabalalika?

Ine ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa Kasungu boma pano, madzulo ndimawerenga za akaunti, vuto langa nlakuti ndikangotsegula buku mphindi 10 sizikwana maganizo athawa kale, mwina ali kumunda ku Chamama mwina ali pa ngongole ya feteleza. Sindikudwala ayi, ndi mmene tilili ambiri. Mu 2010 akatswiri a ku Harvard ankafunsa anthu 2,250 kudzera pafoni kuti panopa mukuganiza chani, anapeza kuti pafupifupi 47 peresenti ya nthawi munthu amaganiza zina osati zomwe akuchitazo. Ndiye achimwene anga a ku Johannesburg atamva kudandaula kwanga anati andigulira kachipangizo kovala kumutu kotchedwa Muse, ine ndinati achimwene dikirani kaye ndifufuze, ndalama zanu zingalowe mmadzi.

Muse ndi kalamba komwe umavala pachipumi nkukafika kuseri kwa makutu, kamapangidwa ndi kampani ya ku Toronto ndipo mtengo wake umapitirira madola 200. Kamagwiritsa ntchito EEG, kutanthauza kuti kamamva timagetsi tating'ono tomwe ubongo umatulutsa, njira yomwe dokotala wa ku Germany Hans Berger anaiyamba mu 1924. Ukavala, foni imakuyimbira phokoso la nyengo, maganizo akabalalika kumamveka chimphepo, ukadekha mphepo ija imaleka mbalame nkumalira, ndiye iweyo umaphunzira kuitana mbalamezo. Neurofeedback ndi imeneyo basi, ubongo kudzionera pagalasi. Nzeru yake ndi yokoma ndithu ndipo ine inandikoka mtima.

Koma pali funso limodzi lomwe ndaona kuti limasiyanitsa zenizeni ndi zamalonda, loti kodi anayerekeza ndi gulu lonamizidwa? Ofufuza abwino amatenga anthu ena nkuwaveka mawaya omwewo koma zomwe akuona kapena kumva sizikuchokera mu ubongo wawo, ndipo eni akewo sakudziwa. Magulu onse awiri akasintha mofanana ndiye kuti chathandiza ndi kukhala pansi phee tsiku ndi tsiku ndi chikhulupiriro, osati makinawo. Mu 2017 ku Germany anachita zimenezi pa akuluakulu omwe ali ndi vuto la ADHD, lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndipo a neurofeedback yeniyeni sanawaposa onamizidwa aja. Ngati zinavuta chonchi ndi zida za akatswiri, nanga kalamba ka masensa ochepa komwe kamasokonezeka ukangophethira kapena kukukuta mano, poti minofu ya kumaso nayo imatulutsa magetsi ake amphamvu kuposa a ubongo?

Yomwe inandigwira mtima kwambiri ndi neurofeedback ya fMRI, yogwiritsa ntchito chimakina chojambula mkati mwa thupi chotchedwa MRI. Iyi siimva magetsi, imaona komwe magazi a okosijeni akuthamangira mu ubongo, nchifukwa chake imachedwerako masekondi angapo koma imaloza malo bwino kuposa EEG. Ku Princeton mu 2015 Megan deBettencourt ndi anzake anagoneka anthu abwinobwino mu makina aja nkumawaonetsa chithunzi cha nkhope chosakanikirana ndi chithunzi cha malo, nkuwauza kuti yang'anani chimodzi chokha. Kompyuta ikaona kuti maganizo a munthu ayamba kuchoka inkazimiriritsa chithunzi chomwe akufunacho, ntchito nkukula, akabwerera chinkawala. Ganizani, imakugwira usanalakwitse nkomwe. Omwe ankalandira za ubongo wawo anachita bwino pambuyo pake, omwe ankalandira za ubongo wa munthu wina sanasinthe. Apa ndiye pali umboni wooneka, kungoti anthu ake anali ochepa ndipo makinawo si oti ungaike pabalaza. MRI yomwe inafika ku Queens ku Blantyre mu 2008 inali ndi ntchito yaikulu zedi, ndi yomwe inathandiza kuonetsa kuti ana a malungo a mu ubongo ambiri amamwalira chifukwa ubongo watupa. Si ya ife ofuna kukhoza mayeso.

Ma gemu onola ubongo aja sindichedwapo. Ku Britain mu 2010 anthu 11,430 anawasewera masabata 6, anakhala akatswiri pa ma gemu omwewo koma pa zinthu zina sanapose anzawo. Kampani yopanga ma gemu otere otchedwa Lumosity inalipitsidwa madola 2 miliyoni ku America mu 2016 chifukwa cholonjeza zomwe inalibe umboni wake. Ndiye bandulo yanu sungani abale.

Chomaliza ndi tulo, ndipo apa mpomwe ndinadzidzimuka. Ku Pennsylvania mu 2003 anasunga anthu masabata awiri akugona maola 6 okha usiku uliwonse, pomaliza tcheru chawo chinali chitatsika kufanana ndi munthu yemwe sanagone usiku wathunthu kapena uwiri, koma eni akewo ankanena kuti akungomva tulo pang'ono chabe. Ndi mmene ndimachitira ineyo, magetsi akazima ndimadikira abwere mwina 11 koloko, nkuwerenga mpaka 1, pofika 6 ndadzuka, kenako ndikudabwa kuti bwanji mutu sukugwira. Kalamba kaja nditakavala pa mutu woterewu ndingamve chimphepo chokhachokha.

Muse sindikuinyoza, amene ali nazo ndalama ndipo akufuna chomukumbutsa kukhala phee mphindi 10 patsiku ikhoza kumuthandiza kuzolowera. Koma ine Lamlungu ndinawaimbira achimwene nkuwauza kuti ngati mtima wothandiza ulipobe anditumizire nyale ya sola yabwino, ndiziwerenga kuyambira 7 mpaka 9 magetsi alipo kapena palibe, foni ili kuchipinda china, 10 ikamakwana ndagona. Anati aipereka kwa anyamata a basi kumapeto kwa mwezi uno.