Loya amene anandionetsa mlandu wa nkhono

Ndinapita kwa mayiwa nditadwala ndi chakumwa choonongeka, ndikuganiza kuti woweruza amangogamula mmene wadzukira. Anaseka, n'kutulutsa mlandu wa Donoghue v Stevenson wa 1932, wa nkhono yoola m'botolo ku Scotland.

Anadula mzere ndi cholembera chofiira pa chifukwa chenicheni cha chigamulocho: wopanga katundu ayenera kusamala za amene adzamugwiritse ntchito. Mfundo ngati imeneyi, ikachokera kukhoti lalikulu, makhoti aang'ono a dzikolo sangaizembe. Zoyankhula oweruza mongodutsa, ngakhalenso zigamulo za kunja, zimangounikira njira basi. Sanandinamize, anati loya wa mbali inayo adzalimbikira kuti nkhani yanga ndi yosiyana ndi ya nkhonoyo.

Koma foni yokha, mayi inu! Masiku atatu osayankha.