Sitima ya pansi ya ku Guangzhou: ndemanga yanga nditaikwera masiku 12

Nyenyezi 4 mwa 5.

Ndine mayi wa geni, ndili ndi shopu ya nsapato ndi zikwama ku Limbe. Kwa zaka zambiri ndinkangooda katundu kwa anzanga amene amapita ku China, koma mu Okutobala ndinati basi, ndikadzionere ndekha. Ndinanyamuka ndi alamu anga, amene anali atapitako kale kawiri, ndipo tinakhala ku Guangzhou masiku 12. Ndikulemba za mayendedwe okha, makamaka sitima yoyenda pansi pa nthaka imene konko amaitcha metro, chifukwa ndisananyamuke aliyense ankandiopseza kuti popanda ejenti woyenda nane ndiponso ndalama zambiri za matakisi ndikasochera tsiku loyamba lomwelo. Mantha amenewo ndi amene amadyera anthu mpamba. Ine ndinayenda pa sitima tsiku ndi tsiku, ndipo masiku anayi omaliza ndinkayenda ndekhandekha.

Tisaname, mzindawu ndi waukulu. Kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 18 miliyoni, pamene Malawi yense mu 2018 tinawerengedwa 17.5 miliyoni. Njanji za metro, zimene zinayamba kugwira ntchito mu 1997, zapitirira makilomita 600, pafupifupi ulendo wochoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe n'kubwerakonso. Ukangoyang'ana mapu ake koyamba mutu umazungulira, mizere yamitundumitundu ili piringupiringu. Koma munthu wodzapikula katundu sasowa mapu onsewo. Malaini anayi kapena asanu akukwanira.

Titangotuluka m'bwalo la ndege la Baiyun, bambo wina anatithamangira n'kugwira sutikesi yanga, akunena kuti ali ndi galimoto. Mtengo umene anatchula unali wa mahandiredi a yuan, ndalama ya ku China. Alamu anga anangopukusa mutu.

"Mlamu, musiyeni ameneyo. Tsatani chikwangwani icho, sitima ili pansi pomwepa."

Tinatsika pa masitepe oyenda okha, tinakwera laini 3, yachikasu chonga lalanje, mpaka pa Jiahewanggang. Pamenepo tinasintha n'kukwera laini 2, yabuluu, mpaka pa Guangzhou Railway Station, kenako laini 5, yofiira, siteshoni imodzi yokha basi, tafika pa Xiaobei pamene panali malo athu ogona. Ulendo wonsewo sunakwane 10 yuan munthu mmodzi. Mtengo umayambira pa 2 yuan ngati ulendo sukupitirira makilomita anayi, ndipo umakwera pang'onopang'ono malinga ndi kutalika kwa mtunda. Palibe zoti lero mafuta avuta ndiye takweza, palibe zoti kwagwa mvula, palibe kunenerera. Makina saona khungu kapena chilankhulo cha munthu, mlendo ndi mwini mudzi amalipira chimodzimodzi. Kwa ine amene tsiku lonse ndinkakhalira kulimbana ndi mitengo m'misika pa kakyuleta, chimenechi chinali mpumulo weniweni.

Tikiti ya ulendo umodzi si pepala ayi. Ndi kakhobidi kapulasitiki kozungulira, kopepuka ngati chotsekera botolo. Umasankha Chingerezi pa makina, umadina siteshoni imene ukupita, umaponya makobidi a 1 yuan kapena ndalama yapepala ya 5 kapena 10, kakhobidiko kamagwa limodzi ndi chenji. Polowa umakagunditsa pa geti, potuluka umakaponya pa kabowo ndipo geti limakameza. Kasungeni bwino, musakasakanize ndi makobidi m'thumba. Ine ndinkakafumbata m'manja ulendo wonse mpaka m'manja kuchita thukuta.

Tsiku lachiwiri ndinagula khadi la Yang Cheng Tong, ndipo ili ndi limene ndikulilimbikitsa kwa aliyense wokhalako kupitirira masiku atatu. Umaikamo ndalama ngati mmene timachitira ndi mayunitsi, n'kumangogunditsa pa geti polowa ndi potuluka, makina akudula okha n'kukuonetsa zotsala. Limagwira pa sitima, pa basi, ngakhale pa maboti owolotsa anthu pa mtsinje. Palinso tikiti ya tsiku limodzi ya 20 yuan ndi ya masiku atatu ya 50 yuan, yokwera mmene ungafunire, koma werengerani kaye: maulendo anga ambiri anali a 2, 3 kapena 4 yuan, ndiye kuti ndikanafunika kukwera kambirimbiri pa tsiku kuti ndipindule nayo. Eni dziko ambiri amalipira ndi foni, pa Alipay kapena WeChat. Alamu anga anali nazo zimenezo. Ine ndinakonda khadi chifukwa silidalira batire kapena intaneti, ndipo foni yanga pofika madzulo inkakhala itatheratu moto ndi kujambula masampulo.

Pa khomo lililonse la siteshoni pali achitetezo. Chikwama chimadutsa m'makina ounika ngati a ku bwalo la ndege, iwe n'kudutsa pa kachitseko kako. Botolo la madzi nthawi zina amalitenga n'kuliyeza. Poyamba ndinkaganiza kuti ayimitsa ife chifukwa ndife alendo, koma ndinaona agogo, ana asukulu ndi mabwana a mataye onse akuika zikwama zawo pa lamba yemweyo. Sizitenga nthawi, kupatula m'mawa mzere ukatalika.

Chimene chinandimasula kwambiri ndi zikwangwani. Dzina la siteshoni limalembedwa m'Chitchaina komanso m'zilembo zathuzi. M'sitima amalengeza katatu: m'Chimandarini, m'Chikantoni chimene ndi chilankhulo cha konko, ndi m'Chingerezi. Pamwamba pa chitseko pali mapu a laini imeneyo okhala ndi timagetsi tosonyeza pamene mwafika. Chinsinsi chake n'chimodzi, ndipo alamu anga anandiphunzitsa titayima pa pulatifomu ya Xiaobei, akuloza ndi chala:

"Musamafunse kuti sitima iyi ikupita kumene ndikufuna kodi. Muzidziwa dzina la siteshoni yomaliza ya mbali imene mukulowera. Mukafuna ku Railway Station, kwerani yolembedwa Jiaokou. Basi."

Kuyambira pamenepo ndinkalemba m'kabuku kanga usiku uliwonse: laini, dzina la kumapeto, masiteshoni angati, potulukira pati. Zimafanana ndithu ndi kwathu, kumene munthu wopita pa Chichiri amakwera minibasi yoitanira Limbe. Kusiyana kwake n'kwakuti iyi siyembekeza kudzaza. Ikakusiya usadandaule, pakangotha mphindi zochepa ina yafika.

Misika imene ambiri a ife timaifuna yandandalikana m'malaini omwewa. Zovala za ku Baima ndi misika ina yoyandikana nayo zili pafupi ndi Guangzhou Railway Station. Zikwama ndi zinthu zachikopa zili chakumbali ya Sanyuanli, siteshoni imodzi kuchoka pamenepo pa laini 2. Zoseweretsa ana, zokongoletsa m'nyumba ndi tizinthu tamphatso zili cha ku Haizhu Square ndi msewu wa Yide, masiteshoni anayi kuchoka pa Guangzhou Railway Station kulowera kummwera pa laini yomweyo. Nsalu zili ku msika waukulu wa Zhongda, umene umafikika pa laini 8. Laini 8 yomweyo ndi imene imapita ku Pazhou, kumene kumachitikira chionetsero cha malonda cha Canton Fair, chimene chakhala chikuchitika kuyambira 1957, kawiri pa chaka. Ife tinakumana nacho cha mu Okutobala, ndipo tinapitako tsiku limodzi kukangoona ndi kutenga manambala a mafakitale.

Chenjerani ndi mayina atatu ofanana: Guangzhou Railway Station, Guangzhou East Railway Station ndi Guangzhou South Railway Station. Ndi malo atatu osiyana, ndipo ya South ili kutali kwambiri, kumapeto kwenikweni kwa laini 2. Wogulitsa akakuuzani kuti shopu yake ili pafupi ndi siteshoni ya sitima, mumufunse kuti itiyo, ndipo akulembereni.

Mumufunsenso chilembo cha potulukira. Siteshoni iliyonse ili ndi makomo angapo, A, B, C, D, ena mpaka B1 ndi B2, ndipo amatulukira m'misewu yosiyana. Tsiku loyamba kuyenda ndekha ndinatulukira khomo lolakwika pa Guangzhou Railway Station. Msika ndinkauona uko tsidya lina, koma pakati panali msewu waukulu wotchingidwa ndi mpanda wachitsulo, wosawoloka mwachisawawa. Ndinayenda mtunda wautali kufunafuna mlatho wa anthu oyenda pansi, kunja kukutentha kwa chinyontho kuja kumene malaya amamatirira kumsana. Mtsikana wina wovala yunifolomu ya kusitolo ataona ndikuzungulirazungulira, anayang'ana kakhadi ka shopu kamene ndinali nako, anandiperekeza mpaka pa masitepe a mlatho, n'kubwerera osanena liwu ndi limodzi lomwe. Sitinamvane chilankhulo koma ndinafika. Kuyambira tsiku limenelo sindinkachoka pa shopu osatenga kakhadi kake kolembedwa m'Chitchaina.

Tsopano nyenyezi imodzi ndaichotseranji? Pali zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi zoti munthu azidziwiretu asanakwere ndege.

Choyamba ndi kuchuluka kwa anthu m'mawa ndi madzulo, anthu akamapita ndi kuweruka ku ntchito. Siteshoni ya Tiyu Xilu, pamene laini 1 imakumana ndi laini 3, ndi yotchuka ndi zimenezi moti eni ake amaseweretsa dzina lake n'kumaitcha Diyu Xilu, kutanthauza msewu wa ku gehena. Sikuti sitima zimachepa, zimabwera motsatizana, koma anthu ndi nyerere. Ngati muli ndi vuto la kupuma kapena BP, nthawi zimenezi zipeweni. Misika yambiri siitsegulidwa m'mamawa kwambiri, choncho palibe chothamangira. Ife tinkanyamuka cha m'ma 9:30 titadya bwinobwino, ndipo nthawi zambiri tinkapeza pokhala. Popita ku Pazhou kuchokera ku Xiaobei pali njira ziwiri: yodzera pa Zhujiang New Town ndi Kecun, imene imakulowetsa m'chipwirikiti cha laini 3, ndi yodzera laini 2 mpaka pa Changgang n'kusinthira laini 8. Ife tinasankha yachiwiriyi.

Chachiwiri ndi katundu, ndipo apa amayi anzanga a geni mumvetsetse. Sitimayi imanyamula inu, siinyamula mabelo anu. Malire ake ndi makilogalamu 30 munthu mmodzi, komanso chinthu chisakhale chachikulu mopitirira muyezo. Ngakhale utakhala mkati mwa malirewo, kukoka chikwama cholemera m'makonde aatali osinthira sitima, kuchikweza pa lamba wa achitetezo, kufunafuna chikepe, zonsezo zimathyola msana. Tsiku lina ndinayesa ndi nsapato mapeya angapo a masampulo m'chikwama chachikulu, ndinafika kogona mapewa akuwawa mpaka mawa lake. Njira yake ndi yomwe anzathu akale amachita: ukagula, wogulitsa atumize katundu ku nyumba yosungiramo katundu ya kampani yako ya kago, iwe utenge lisiti n'kukwera sitima ndi kachikwama ka m'manja. Takisi isungireni tsiku limene mwanyamuladi zolemera, kapena usiku kwambiri, pakuti sitima zimayamba cha m'ma 6 koloko m'mawa ndipo zomaliza zimanyamuka isanakwane 12 koloko usiku, nthawi yake yeniyeni imasiyana laini ndi laini.

Mabasi ndinakwera kawiri kokha. Ndi otchipa, 2 yuan ulendo wamba, ndipo khadi lomwe lija limagwira. Umalowera kutsogolo, umatulukira kumbuyo, kondakitala palibe, ndipo ukaponya ndalama m'bokosi chenji sabweza. Kwa mlendo ndi ovutirapo chifukwa mayina ambiri pa masiteji ali m'Chitchaina chokha. Pa foni musadalire Google Maps, siigwira konko, chimodzimodzinso WhatsApp ndi Facebook mukakhala pa intaneti ya m'dzikomo. Alamu anga ankagwiritsa ntchito Amap, pulogalamu ya mapu ya pa foni ya ku China, ndipo ine ndinali nditajambula mapu a metro pa foni ndisananyamuke, kuphatikiza a papepala amene ndinawapinda m'kabuku kaja.

M'sitima ndi mwaukhondo, mphepo yozizira ikuwomba, ndipo pakati pa pulatifomu ndi njanji pali zitseko zagalasi zimene zimatseguka pokhapokha sitima itaima, moti ngakhale uli ndi mwana mtima sukhala m'mwamba. Anthu ena amakuyang'anitsitsa, makamaka mukatalikira dera la Xiaobei kumene anazolowera anthu a ku Africa. Sindinganame kuti sizinandikhudze. Koma palibe anandichitira chipongwe, ndipo tsiku lina mnyamata wina ataona ndatopa, thukuta lili kamukamu, ananyamuka n'kundilozera mpando.

Tsiku lomaliza, katundu yense atapita kale ku kago, m'khadi munali mutatsala ndalama pang'ono. Alamu anga anati tikazithere pa madzi. Tinapita pa doko la Tianzi madzulo, tinagunditsa makhadi athu omwe aja, n'kukwera boti wamba la anthu opita kwawo pa mtsinje wa Pearl. Pamtsinje womwewo pamayenda maboti a alendo owala magetsi, amitengo yokwera, koma ife tinali pakati pa anthu oweruka ku ntchito, wina akuodzera, wina atanyamula ndiwo m'jumbo. Kutsogolo kwathu nsanja ya Canton Tower inali itayamba kusinthasintha mitundu. Khadilo ndabwera nalo, lili m'chikwama momwe muli pasipoti, ndipo mu Epulo ndikupita ndi mng'ono wanga amene akuyamba geni ya zovala za ana.