Rauta ya simukhadi, ya faiba kapena MiFi: zomwe ndinayerekeza ndisanatulutse madola

Rauta yathu, kabokosi komwaza Wi-Fi m'nyumba mwathu ku Tafara mu Harare, inayamba matenda mvula itangoyamba. Nyali zonse zimayaka bwinobwino, koma pakatha mphindi makumi awiri imazima yokha n'kuyambanso. Amayi akamayankhula ndi achemwali awo aku Dedza pa WhatsApp, foni imaduka pakati pa nkhani ya maliro, iwo n'kundiyang'ana ngati ndine ndadula waya. Ndinatsala pang'ono kukwera kombi yopita m'tauni kukagula ina tsiku lomwelo. Msuweni wanga wa ku Avondale ndiye anandigwira mkono. Anati, "Achimwene, musanaike mtembo m'manda, muyambe mwaona ngati wafadi."

Sinafe. Chimene chinatopa chinali adaputala yake. Magetsi akamabwera atazima tsiku lonse amabwera ndi ukali, ndipo kachipangizo kameneka ndi komwe kamayamba kulandira nkhonya. Kamapitiriza kuyatsa nyali, koma mafoni asanu ndi anayi akalumikiza nthawi imodzi, mphamvu imaperewera, rauta n'kugwa. Tinabwereka adaputala ina ya mavoti ofanana, matenda n'kutha. Musanagule kanthu, tembenuzani rauta yanu muwerenge pansi pake: zina ndi za 12V, zina za 9V, ndipo mukasakaniza mudzalira nokha. Kuyesa kwina n'kosavuta. Lumikizani laputopu ndi waya molunjika ku rauta. Intaneti ikathamanga pa waya koma n'kumakwawa pa foni, vuto ndi Wi-Fi ya m'nyumba mwanu. Ikakwawa ponseponse, nthawi zambiri vuto lili kunja, ndipo rauta yatsopano mwina sikuthandizani ngakhale itakhala ndi tinyanga tingati.

Komabe ndinaganiza zosintha, chifukwa yakaleyo inali ya 2.4 GHz yokha, umodzi mwa misewu iwiri yomwe Wi-Fi imayendamo. Kuno kwathu nyumba n'zothithikana, pabwalo limodzi pali mabanja atatu, ndipo ukatsegula Wi-Fi pa foni umaona mayina a maneba oposa khumi. Onsewo akukanganirana kanjira kamodzi. Pa 2.4 GHz pali matchanelo atatu okha osapondana, 1, 6 ndi 11, choncho madzulo aliyense akafika kunyumba zimakhala ngati pa msika wa Mbare Musika Loweruka m'mawa. Pa 5 GHz msewu ndi wotakata ndipo anthu ndi ochepa, kungoti mphamvu yake siboola makoma a njerwa ngati inzake ija. Rauta yokhala ndi zonse ziwiri ndiyo ndinkafuna.

Ife tilibe faiba, waya wa intaneti woyendera kuwala, timadalira simukhadi, ndiye ndinayamba ndi TP-Link TL-MR6400. Ndi yotchipa pakati pa anzake, yosavuta: ulowetsa simukhadi, uyatsa, basi. Pa katoni palembedwa liwiro la 150 Mbps, chiwerengero chimene pansanja yodzaza anthu sudzachiona ndi maso. Koma nayonso ndi ya 2.4 GHz yokha, ndipo mabowo ake a waya amathera pa 100 Mbps. Kwa munthu wokhala yekha kapena banja laling'ono lomwe lili patali ndi maneba, ndi yokwanira ndithu. Kwa ine kukanakhala kugula matenda omwewo mu katoni yatsopano.

Mpikisano weniweni unali pakati pa Archer MR600 ya TP-Link yomweyo ndi Huawei B535. Zonse ziwiri zili ndi 2.4 ndi 5 GHz, zonse zili ndi mabowo a gigabiti (1,000 Mbps), ndipo zonse zimatha kuphatikiza mabandi awiri a 4G, ndiye kuti njira ziwiri zochokera kunsanja, n'kuwakoka pamodzi, n'chifukwa chake amazilemba 300 Mbps. Mawu oti "zimatha" muwamvetse bwino. Ngati nsanja ya dera lanu siperekera mabandi awiri pamodzi, mwalipira luso lomwe lizingogona. Ine ndinayesa kaye ndi foni: ndinaika simukhadi ya Econet, kenako ya NetOne, n'kuzungulira nyumba yonse nthawi ya 7 koloko madzulo, osati masana pamene aliyense ali kuntchito. Ndinapeza kuti pawindo la chipinda cha kum'mawa netiweki imagwira kuposa pabalaza pomwe rauta yakhala zaka zonsezi itabisidwa kuseri kwa TV, pansi pa kansalu koluka ka amayi.

Kusiyana kwa ziwirizi kuli m'tinthu ting'onoting'ono. MR600 ili ndi tinyanga towonekera kunja, ndipo pulogalamu yake ya pafoni, Tether, ndi yosavuta moti mlongo wanga amatha kuchotsa yekha mwana wa neba amene wabera pasiwedi. B535 ndi yosalala ngati buku loimika, tinyanga tili m'kati, koma kumbuyo ili ndi mabowo awiri olumikizira mlongoti wa padenga, chinthu chofunika kwa anzathu aku Epworth kapena kumapuloti kumene netiweki imafika itatopa. Chenjezo langa pa Huawei ndi loti zambiri zomwe zimazungulira pamsika zinachokera ku makampani a mafoni akunja, ndipo zina n'zokhoma, zimakana simukhadi ya kampani ina. Kaya mukugula ku Gulf Complex kaya kwa munthu wa pa Facebook, pitani ndi simukhadi yanu, aiyatse muli pomwepo, mutsegule tsamba limodzi ndi maso anu. Wogulitsa akayamba kunena kuti magetsi palibe, mukayesere kunyumba, bwezani ndalama m'thumba.

MiFi, karauta ka simukhadi koyenda nako, ndinaiganizirapo usiku umodzi wokha. Ubwino wake ndi batire: magetsi akapita iyo imapitiriza kwa maola angapo, ndipo umatha kupita nayo kuntchito. Koma ndi kanthu ka m'thumba, mphamvu yake sidutsa makoma awiri, ndipo ukakasiya pachaja usana ndi usiku batire limatupa. M'nyumba ya anthu ambiri imabweretsanso mlandu wina: amene watuluka nayo wasiya onse mumdima.

Msuweni wanga uja nkhani yake ndi ina, chifukwa pafulati pawo pali faiba. Kabokosi komwe kampani inamuikira pakhoma sikasinthidwa mwachisawawa, n'kolembetsedwa kwa iwo. Iye anangowonjezera rauta kumbuyo kwake. Poyamba anatola TL-WR840N chifukwa chotchipa, koma mabowo ake ndi a 100 Mbps ndipo ndi ya 2.4 GHz yokha, ndiye anaona kuti akuthira madzi a mumpopi waukulu m'kabotolo. Anasintha n'kutenga Archer C6, yomwe ili ndi magigabiti komanso 2.4 ndi 5 GHz, n'kuiika kuti izingomwaza Wi-Fi, ntchito yogawa manambala ozindikirira chipangizo chilichonse n'kuisiyira kabokosi ka kampani. Marauta awiri akamalamulira m'nyumba imodzi, makamera ndi magemu amayamba kuvuta. Anandiphunzitsanso kuti pa faiba nyali yolembedwa LOS ikafiira, usavutike n'kuzimitsa ndi kuyatsa: kuwala sikukufika, waya waduka kapena wapindika penapake, imbira eni ake. Mnzake wina amalumbirira MikroTik hAP ac2, ya ku Latvia, yomwe imatha kugawira anthu a lendi liwiro aliyense gawo lake. N'zoona imatha, koma ukatsegula pulogalamu yake, WinBox, koyamba umangoona ngati walowa m'chipinda cha woyendetsa ndege. Ngati m'banja mulibe munthu wokonda zimenezi, isiyeni.

Malume aku Mufakose, amene akadali pa ADSL ya waya wa foni, anandifunsa kuti, "Mphwanga, bwanji osangogula Starlink tithane nazo?" Intaneti ya pa setilaiti imeneyi inafika ku Zimbabwe mu Seputembala 2024, ndipo anthu anaithamangira moti pasanapite nthawi malo a mu Harare anadzaza. Imathamanga, sindikana. Koma mbale yake yaikulu imadya mawati 75 mpaka 100, yaing'ono ija ya Mini 25 mpaka 40, pamene rauta wamba imadya pafupifupi 10. Amene ali ndi sola ndi invata yabwino alibe nkhawa. Ife a kabatire kamodzi, madzi akatsika ku Kariba komwe amapangira magetsi, mbaleyo ikanangokhala chokongoletsa denga. Malumewo ndinangowauza kuti, "Inu malume, mabingu akayamba muzizula waya wa foni kukhoma, chifukwa mphezi imakonda kulowera kumeneko." Marauta awiri anawapsera kale m'njira imeneyi.

Ndinatenga MR600, makamaka chifukwa ndinaipeza yosakhoma ndipo wogulitsa analola kuti tiiyese. Ndalama yomwe inatsala ndinagulira kabatire kaja amati mini UPS, ka 12V, komwe kamakhala pakati pa soketi ndi rauta. Ndikanakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, ndikanagula kabatireka n'kusiya rauta yakale, chifukwa magetsi akazima rauta imapitiriza kugwira ntchito. Rauta ndinaikhomera shelefu pamwamba pafupi ndi windo la kum'mawa lija, ndinasintha pasiwedi ya fakitale, TV ndi laputopu ndinaziika pa 5 GHz, mafoni a kuzipinda zakumbuyo n'kuwasiya pa 2.4, tchanelo 11, chomwe maneba sanachidzaze. Yakale ija, ndi adaputala yatsopano, ili kwa anthu athu a lendi a kuseri. Kansalu koluka amayi anakasamutsira pa wailesi, atandifunsa kawiri ngati rautayo sizizidwa.