Molasesi, madeya kapena nthanga za thonje: ng'ombe ya bere tiipatse chiti?

Tikakumana ife oweta ng'ombe za mkaka kuno ku Chikwawa, mkangano sutha pa chakudya chowonjezera pa nsenjere, makamaka masabata atatu ng'ombe isanabereke ndi atatu itabereka. Nthawi imeneyi imadya monyinyirika, ndiye ikapezana ndi dzuwa la Okutobala lopitirira madigiri 40 ku Ngabu, chakudya chimangotsala m'modyera.

Molasesi, madzi akuda otsekemera otsala popanga shuga, ndiye amatikopa ambiri, poti nzimbe tili nazo pakhomo ku Nchalo. Mukamuwaza pa mapesi ouma a mapira, ng'ombe imadya mpaka kunyambita thabwa. Koma ali ndi potaziyamu wochuluka, ndipo potaziyamu akachuluka masiku omaliza a bere, thupi limachedwa kutapa kashiamu m'mafupa pomwe mkaka woyamba ukumufuna kwambiri. Yanga ya mtundu wa Jersey ndinkaipatsa tsiku lililonse pa bere lake lachinayi, poganiza kuti ndikuilimbitsa. M'mawa mwake itabereka ndinaipeza ili chigonere, khosi yapindira kunthiti, makutu ali zii. Alangizi a ziweto anati ndi milk fever, matenda obwera kashiamu akachepa m'magazi, n'kuibaya kashiamu pamtsempha pang'onopang'ono, ndipo masana inadzuka. Matendawa amakonda ng'ombe zoberekapo kangapo, mkati mwa masiku atatu oyamba.

Ikabereka, molasesi yemweyo amasanduka mnzanu. Ng'ombe yotulutsa mkaka wambiri koma yosadya mokwanira imasungunula mafuta a m'thupi, imaonda, mpweya wake n'kumanunkha ngati mankhwala ochotsera penti ya zikhadabo. Kumeneko ndiko ketosis, ndipo chilichonse chokopa ng'ombe kudya chimathandiza kuipewa.

Madeya alibe vuto la molasesi lija, n'chifukwa chake ine ndimadalira iwo isanabereke: kilo imodzi kapena ziwiri patsiku, kuwonjezera pang'onopang'ono kuti mimba izolowere. Kashiamu ali naye wochepa, choncho ikayamba kukamidwa pafunika laimu wa ziweto kapena mchere wonyambita wokhala ndi kashiamu. Musainenepetse nawo m'masiku 60 opuma kukama, chifukwa yonenepa ndiyo imakana chakudya ikabereka. Ndipo nunkhizani thumba musanagule. Poizoni wa chuku cha m'madeya amafika mpaka mumkaka wa ana athu. Mtengo wake nawo umakwera mu Januwale ndi Febuluwale, pamene anthu akuwafunanso.

Nthanga za thonje zimapereka zomanga thupi ndi mafuta zomwe ziwiri zija zilibe mokwanira, koma zili ndi gossypol, poizoni wachilengedwe wa m'thonje. Ng'ombe yaikulu isapitirire makilo awiri patsiku, ndipo mwana wa ng'ombe asalawe n'komwe. Mbewu yobzala yopakidwa mankhwala isafike kukhola.

Panopa yanga ili ndi bere lachisanu. Ikudya nsenjere, madeya ndi nthanga zodzaza manja awiri, pamthunzi, madzi ali pambali usana ndi usiku. Chigubu cha molasesi ndachitsekera m'nyumba mpaka mwana atayamwa.